Mizere Inayi ya Kumpanda

Ine, amene kuntchito amanditchula Sajeni ngakhale usilikali sindinaulowepo, mayi wa zaka 48, wokhala m'nyumba za antchito kuseri kwa sukulu yogonera konko komwe ndimasamalira mabwalo a masewero, ndabwera pa polisi pano lero Lolemba m'ma 9 koloko m'mawa, ndekha, popanda wondiitana. Mwandichenjeza kuti kunama mu umboni ndi mlandu, ndipo ndamva. Ndikunena motere.

Amuna anga ali m'chitokosi mwanumu kuyambira Lachinayi masana. Mukuwasunga pa mlandu wovulaza munthu chifukwa chosasamala, pa nkhani ya diso la akalaliki a pasukulu pathu. Mawu amene anakuuzani tsiku limenelo si oona. Ndakhala nawo pabanja zaka 26 bambo amenewa, ndipo pa zinthu zonse zomwe amazitha, kunama kulibepo. Ndabwera kuti mufufute zabodzazo, mulembe zomwe zinachitika.

Ndiyambe ndi m'mene timagwirira ntchito, chifukwa mukapanda kumva zimenezi, zotsalazo simuzimvetsa.

Ntchitoyi tayigwira limodzi zaka 19. Amuna anga ndi amene amayendetsa makina otchetchera udzu. Makinawo ndi a petulo, okankha uli pambuyo pake, ndipo udzu amaulavulira mbali ya kumanja. Ine ndimayenda bwalo. Kuyenda bwalo ndiko kulipondaponda lonse makina asanalire, maso ali pansi, chidebe chili m'manja, kutola chilichonse chomwe si udzu. Bwalo la mpira ndi la mamita 100 mulitali, mamita 60 mulifupi. Ndimaligawa mizere 30, uliwonse wa mamita awiri, ndipo kuliyenda lonse kumanditengera ola limodzi ndi mphindi 15. M'chidebe mumalowa miyala, zitsekerero za mabotolo, mawaya, masupuni a kukhitchini, makiyi, zidendene za nsapato. Chaka china ndinatola mano oikirira a aphunzitsi ena, ndipo mpaka lero sanabwere kudzawafunsa.

Anthu akamaopa makina amenewa amaopera zala zawo. Zala n'zosavuta, ndi zako, umadziwa pamene zili. Choopsa ndi chimene mpeni wa pansi pa makinawo watola n'kuchiponya. Chaka chathu choyamba ndinaona ndi maso angawa mwala wochepa ngati dzira la nkhunda ukuswa zenera la laibulale pa mtunda wa mamita 30. Kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana kuti makina salira pa bwalo lomwe sindinaliyende.

Malamulo ena ndinaika ndine, ndipo dzina la Sajeni linachokera pamenepo. Wopanda jombo ndi magalasi a m'maso sayandikira makina. Munthu sagwira kunsi kwa makina asanazule waya wa pulagi, ngakhale makinawo atazima kalekale. Petulo sathira injini ili yotentha. Bwalo lonse timalizunguliza chingwe chomangirira nsanza zofiira, ndipo chingwecho sichiona nkhope. Amuna anga omwewa ndinawabwezapo kunyumba anthu akuona, atabwera atavala patapata. Ahedi akale ndinawaimitsapo ndi alendo awo kunja kwa chingwe mphindi 20. Anthu amandinena kuti ndine wovuta, ine sindikana. Koma zaka 19 zonsezi palibe anavulalapo pa bwalo langa kufikira Lachinayi lapitali, ndipo zala zathu awirife zilipo zonse makumi awiri, mukhoza kuwerenga.

Chinthu china chomwe sichinalembedwe paliponse ndi cha chidebe. Pamene ine ndikuyenda bwalo, amuna anga amakhala ku shedi, pa mtunda wa mamita 150, akunola mpeni ndi kuona mafuta. Kukuwirana pa mtunda wotero ana ali m'kalasi n'kosayenera. Ndiye tinapangana kuti ndikamaliza ndizikoleka chidebe changa chachikasu pa msomali wa golo la kumunsi, lomwe limaonekera ku shedi. Chidebe chikakhala pa golo, ndiye kuti bwalo layendedwa lonse, makina akhoza kulira. Chikakhala kuti palibe, amadikira, kaya mpaka masana. Ahedi sadziwa zimenezi, alonda sadziwa, ndi za ife awiri basi.

Miyezi itatu yapitayo bondo langa lakumanja linayamba kutupa. Ndikafika mzere wa 20 limayamba kutentha, ndikafika wa 25 ndimachita kukoka mwendo. Mizere inayi yomaliza, kuyambira wa 27 mpaka wa 30, ili m'mbali mwa mpanda wa waya. Kumeneko sikudutsa njira, ana sakhalako, ndipo zaka zonsezi zomwe ndinatolako ndi masamba ndi mapepala ouluka ndi mphepo. Choncho tsiku lina, bondo litavuta, ndinaima pa ngodya, ndinayenda mizere inayiyo ndi maso, ndinapita kukakoleka chidebe. Palibe chinachitika. Timatchetcha bwalolo sabata ziwiri zilizonse, ndipo ndinachita zimenezi maulendo asanu ndi limodzi popanda chochitika.

Sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti akamva za bondo andilanda chidebe, andipatsa tsache ndizikasesa m'makalasi. Komanso ndinkachita manyazi. Munthu amene anabweza amuna ake chifukwa cha patapata sangabwere n'kumati bambo, mizere inayi yandikanika.

Za akalaliki ndinene izi. Ndi munthu wa zaka za m'ma 30, waulemu, wanthabwala, ndipo sitinayambanepo. Nyumba yawo ili kuseri kwa golo la kumtunda, ofesi yawo ili kumunsi kwa bwalo. Kuzungulira pa msewu ndi mphindi zisanu ndi zitatu, kudula pabwalo ndi zitatu. Akazi awo ali ndi khanda la miyezi iwiri, ndipo belu la 11 koloko likalira akalaliki amathamangira kunyumba kukaliona, n'kubwerera mochedwa. Ndawabwezapo pa chingwe kosawerengeka. Mwezi watha anandiuza kuti, "Amayi Sajeni, ine ndimathamanga kuposa mwala." Ndinawayankha kuti, "Akalaliki, mwala suliza hutala." Anaseka, nazungulira.

Loweruka, masiku asanu ngoziyi isanachitike, kunali tsiku la makolo. Sukulu inaitana anthu a matenti, ndipo anadzutsa matenti atatu m'mbali mwa mpanda, pa mizere inayi yomwe ija. Ndinawaona akukhoma zikhomo zachitsulo ndi hamala. Lamulungu anabwera kudzagwetsa matenti ife tili kopuma. Lolemba ndikudutsa ndinaona mabowo a zikhomo m'udzu. Ndikufuna mulembe bwino pamenepa: ndinkadziwa kuti kumpanda kunali matenti.

Lachinayi tinafika pabwalo 6:10 m'mawa. Kunali mitambo ya mvula. Tinamanga chingwe awiri, amuna anga anapita ku shedi. Ndinayamba kuyenda 6:30. Chifukwa cha makolo aja bwalo linali ndi zinyalala zambiri, moti pofika mzere wa 15 chidebe chinadzaza, ndinakakhuthula, n'kuyambiranso. Kuwerama kunachuluka kuposa masiku onse, bondo linayamba msanga. Mzere wa 26 ndinaumaliza cha m'ma 7:40.

Ndinaima pa ngodya. Udzu unali wofika m'kakolo. Ndinakumbukira za matenti, ndipo chifukwa cha zimenezo ndinayang'anitsitsa nthawi yaitali kuposa masiku ena, mwina mphindi ziwiri. Sindinaone kanthu. Ndinadziuza kuti anthu a matenti amawerenga zikhomo zawo, sangasiye katundu wa abwana awo. 7:45 ndinakoleka chidebe pa golo. Palibe anandifulumizitsa, palibe anandiitana, foni yanga sinalire. Ndinapita ku mpopi kuseri kwa shedi, ndinasamba m'manja, ndinakhala pansi n'kupaka bondo mankhwala. 7:50 ndinamva makina akulira.

Kenako ndinapita kukazulira maluwa a kutsogolo kwa ofesi, pa mtunda wa mamita 40 kuchokera pa chingwe. Bwalo lonse limaonekera pamenepo. Belu la 11 koloko litalira ndinaona akalaliki akutuluka, ndipo popita anazungulira pa msewu chifukwa anandiona.

Cha m'ma 11:20 amuna anga anafika ku mizere ya kumpanda. Kumeneko amayendetsa makina moti kukamwa kwake kuloze m'bwalo, chifukwa kuseri kwa mpanda kuli msewu wa anthu. Ndi m'mene ziyenera kukhalira, ndipo ndine ndinawaphunzitsa. Anavala jombo, magalasi, ndi thonje m'makutu. Maso awo anali pansi kutsogolo kwa makina.

11:25 ndinaona akalaliki ku golo la kumtunda akukweza chingwe ndi dzanja, n'kulowa chowerama. Ankayenda mothamanga, jekete lili paphewa. Ndinaimirira n'kukuwa kuti, "Akalaliki, bwererani!" Ndinakuwa kawiri. Makina ankalira, mawu sanafike. Anandiona ndikukupiza manja, nawo anakweza dzanja ngati akundipatsa moni, n'kupitiriza. Amuna anga anali pa mzere wa 28, akulowera kumunsi, akalaliki ali chakumbuyo kwawo mbali ya kumanja.

Ndinamva kulira ngati hamala yamenya njanji. Makina anatsokomola n'kuzima. Akalaliki anaima, anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa, kenako anagona chammbali. Sanakuwe.

Ndinathamanga. Bondo lomwe linakana mizere inayi linathamanga mamita 90 osadandaula, ndipo zimenezi zikundiwawa mpaka pano. Nditafika ndinapeza magazi akutuluka kumanzere kwa nkhope yawo, pa diso. Anali maso, ankapuma. Anandifunsa kuti, "Chandimenya n'chiyani?" Ndinavula duku langa, ndinaphimba pabalapo osadinikiza, ndinawagwira manja kuti asadzikhudze. Amuna anga atafika ndinawatuma kukaitana anesi a pasukulu. Anesi anabwera pasanathe mphindi zisanu. 11:40 galimoto ya sukulu inanyamuka nawo kupita kuchipatala.

Anthu atabalalika tinatsala awiri pabwalo. Amuna anga anazula waya wa pulagi, anagudubuza makina, tinaona mpeni utapindika nsonga imodzi. Kuchokera pa makina kufika pamene akalaliki anagwera ndinawerenga mapazi 14. Mapazi atatu kupitirira pamenepo ndinatola chidutswa cha chikhomo cha tenti, chachitsulo, chotalika ngati chala changa chapakati, mbali yoduka ikuwala. Ndinachiika m'thumba la epuloni.

Kenako ndinayenda mizere inayi ija ndi mapazi. Ndinayang'ana wotchi poyamba ndi pomaliza. Zinanditengera mphindi khumi. Pa mzere wa 28 ndinapeza theka lina la chikhomo chija. Pa mzere wa 29 ndinapeza chikhomo chathunthu chitagona m'udzu, pa wa 30 china. Sizinabisale. Munthu woyenda pamenepo maso ali pansi sakanaziphonya, ngakhale wophunzira ntchito wa tsiku loyamba.

Nditatembenuka ndinaona amuna anga ali pa golo la kumunsi. Anachotsa chidebe pa msomali, anayenda nacho mpaka kothera mzere wa 26, anachiika pansi. Ndinawaona, nawo anandiona.

Cha m'ma 3 koloko masana apolisi awiri anabwera pamodzi ndi ahedi ndi akulu awo a akalaliki. Akulu awowo anali atakwiya kwambiri, ndipo ndikanakhala ine ndikanakwiya chimodzimodzi. Apolisi anafunsa amene amayendetsa makina. Amuna anga anati ndine. Anafunsa ngati bwalo linaonedwa asanayambe. Mawu awo ndikuwakumbukira onse. Anati, "Akazi anga anali asanamalize kuyenda. Chidebe chawo ndi icho chili apocho. Ndinayamba ndekha osawadikira, ndinkathawa mvula." Apolisi anandiyang'ana n'kufunsa ngati zili choncho. Ndinayang'ana pansi. Anatenga kukhala chete kwangako ngati kuvomera, ndipo ine ndinawalola.

Ndinachita mantha. Lembani mawu amenewo momwemo. Ine wobweza ahedi pa chingwe ndinaima ngati chitsa amuna anga akukwezedwa m'galimoto, zikhomo zili m'thumba mwanga.

Madzulo amayi oyandikana nawo anabwera kudzandipepesa. Ena ankati tsoka silinunkha. Ena ankati olakwa ndi anthu a matenti. Ena ankati akalaliki ndi osamva, anazifuna okha. Ndinkangoti zikomo. Koma ndikuuzeni apa: anthu a matenti anasiyadi zikhomo, ndipo ayankhe zawo. Komabe anthu amasiya zinthu pabwalo tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake sukulu inalemba munthu woyenda bwalo. Anthu akanakhala osataya kanthu, ine ntchito ndikanakhala ndilibe.

Lachisanu 12 koloko ndinabweretsa chakudya pano. Wapolisi wa pa kauntala anatilola kulankhulana mphindi zochepa pa zenera la chitokosi. Ndinafunsa amuna anga kuti, "Bambo, mwanamiranji?" Anati, "Sajeni, tsitsani mawu. Bondo lanulo lingagone pa simenti?" Ndinati bondo likugwirizana bwanji ndi nkhaniyi, popeza sindinawauzepo kuti likundivuta. Anaseka pang'ono. Anati, "Mayi, timagona chipinda chimodzi. Mankhwala anu opakawo amanunkha mpaka kubwalo."

Kenako anandiuza zomwe sindinkadziwa. Anati zenera la shedi limaonetsa bwalo lonse, ndipo anandiona tsiku loyamba lomwelo nditaima pa ngodya. Anati kuyambira pamenepo, ndikakoleka chidebe n'kupita ku mpopi, iwo ankatuluka mwakachetechete, n'kuyenda mizere inayi ija okha, kenako n'kudzayatsa makina. Anachita zimenezi maulendo onse asanu ndi limodzi. N'chifukwa chake makina ankachedwa kulira, ine ndikuganiza kuti akulimbana ndi chingwe choyatsira. Anati Lachinayi anaona mitambo, anaonanso kuti ndaima nthawi yaitali ndikuyang'anitsitsa, ndiye anadziuza kuti lero Sajeni aona bwino, n'kuyatsa makina osayenda. Anati, "Ndiye mukuona, si bodza lonse. Mvula ndinkaithawadi."

Ndinakwiya. Ndinati, "Miyezi itatu mukundiona, osandiuza?" Anati, "Ndikanakuuzani mukanavomera?" Zoona, sindikanavomera. Ndikanawalalatira, ndikanati akundizonda, mwina tikanagona osalankhulana sabata yonse. Anati, "Pitani kunyumba. Mlandu wa munthu mmodzi usadye anthu awiri. Mukalankhula, ntchito ithera tonse, nyumba atilanda, ana akakhala kuti?" Nthawi inatha, wapolisi anandiuza kuti ndizipita.

Ndili m'njira ndinaona nkhaniyi m'mene ilili. Ine ndinkakoleka chidebe ndikudziwa kuti bwalo silinathe. Iwo ankachiona akudziwa kuti silinathe. Aliyense ankaganiza kuti akusunga ulemu wa mnzake. Chidebecho chinasiya kunena zoona miyezi itatu yapitayo, ndipo tonse awiri tinkadziwa, koma tinapitiriza kuchigwiritsa ntchito pabwalo lodutsa anthu.

Loweruka nthawi yoona odwala ndinapita kuchipatala. Akalaliki anali pa bedi la pafupi ndi zenera, mutu utakulungidwa bandeji mbali ya kumanzere. Madokotala anali atachotsa disolo Lachisanu m'mawa. Akazi awo anali pambali, khanda lili kumbuyo. Mayiwo atandiona anati, "Mwabwera kudzaona ntchito ya amuna anu?" Akalaliki anawagwira dzanja. Anati, "Asiyeni. Amayi Sajeni, khalani pansi. Chingwe chija ndinachikweza ndekha, ndawauza kale achimwene. Munandiuza kangati?"

Sindinakhale pansi. Ndinawauza zonse zomwe ndanena pano: bondo, ngodya, matenti, chidebe. Ndinalankhula ndikuwayang'ana, chifukwa ndinaona kuti ayenera kumva kwa ine asanamve kwa apolisi. Kenako anafunsa kuti, "Inali mizere ingati?" Ndinati inayi. Anati, "Ikanakutengerani nthawi yaitali bwanji?" Ndinati mphindi khumi. Anati, "Ine ndinkapulumutsa zisanu." Anatembenukira kukhoma. Akazi awo anati, "Tulukani." Ndinatuluka. Sindinapemphe kuti andikhululukire, chifukwa sindinaone chomwe angachite ndi pempho langa pa nthawi imeneyo.

Lamulungu masana ndinapita kunyumba kwa ahedi n'kuwauza zomwezi. Anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino. Anati sangandilonjeze kanthu za ntchito kapena nyumba, akuluakulu a sukulu ndi amene adzagamule. Ndinati ndamva. Ndinawauzanso kuti bwalo lija lisatchetchedwe mpaka wina aliyende lonse ndi mapazi, chifukwa sindikudziwa ngati zikhomo zinali zitatu zokha. Madzulo ndinaitana ana athu awiri, ndinawakhazika pansi, ndinawafotokozera. Wamkulu anati ndidikire kaye, mwina bambo atuluka pa belo nkhani n'kuzizira. Ndinamuuza kuti mlandu suola, ndipo bambo ake akutsokomola m'chitokosi chifukwa cha mawu omwe ine ndinameza.

Ndapereka kwa inu lero zidutswa ziwiri za chikhomo chomwe chinaduka, zikhomo ziwiri zathunthu, ndi duku langa lomwe anesi anandibwezera. Zonse zili m'jumbo yomwe mwalembapo nambala. Chidebe alonda anachibweza ku shedi, sindinachikhudze kuyambira Lachinayi. Msomali wa pa golo ulipo, mukhoza kukaona pamene chogwirira cha chidebe chadya penti zaka 19.

Mwandifunsa chifukwa chake ndanena zomwe amuna anga anandiuza pa zenera, popeza zikuwamangitsa. Ndinaganiza zosiya mbali imeneyo, ndipo ndinakhala nayo m'mutu njira yonse yobwera kuno. Koma ndabwera kudzachotsa bodza, sindingachotse lawo n'kuikapo langa. Anadziwa kuti mizere inayi siinayendedwe, anayatsa makina, limenelo ndi gawo lawo ndipo alisenza. Akalaliki anakweza chingwe, gawo lawo alilipira kale kuposa muyeso. Koma zoti amuna anga anayamba chidebe chisanakolekedwe, zimenezo sizinachitike, ndipo pa zaka 19 sizinachitikepo n'kamodzi komwe. Wokoleka chidebe ndine. Woona matenti ndine. Wolipidwa kuti ayende bwalo ndine. Munthu wina aliyense akanandiuza kuti wayenda bwalo ndi maso, ndikanamuthamangitsa tsiku lomwelo.

Mwandifunsanso ngati ndikudziwa kuti mawu angawa akhoza kundisandutsa woimbidwa mlandu. Ndikudziwa. Ndikudziwanso kuti amuna anga akamva kuti ndabwera akwiya, ndipo mukawauze kuti akwiye, tikakambirana. Ngati lamulo likufuna munthu mmodzi pa diso la akalaliki, mwatsekera wolakwika, atulutseni. Ngati likufuna awiri, wachiwiri ndafika. M'chikwama chomwe ndasiya pa kauntala muli mabulangete awiri. Limodzi mukawapatse amuna anga. Linalo ndi langa.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Mwandiwerengera umboniwu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi mawu anga, ndipo palibe choti ndichotsepo.

Siginecha ya mboni: ______________________

Siginecha ya wapolisi wolemba umboni: ______________________